Kulimba mtima kwa Myles Keogh sikungayeretse nkhondo yake yomaliza

M'nyumba yoonetseramo zachilengedwe ya pa University of Kansas, m'tauni ya Lawrence ku America, mwaima kavalo amene anafa mu 1891. Dzina lake ndi Comanche. Atafa sanamutaye kudzala ayi. Anamusenda, chikopa anachikonza bwino n'kuchiveka pachimango, ndipo mpaka lero anthu amapita kukamuona ali chiimire. Kwa zaka zambiri ankamutchula kuti ndi yekhayo amene anapulumuka pankhondo ya ku mtsinje wa Little Bighorn ku Montana, ya pa 25 Juni 1876, pamene George Armstrong Custer, mkulu wa asilikali apakavalo a boma la America, anaphedwa pamodzi ndi asilikali onse oposa 200 amene anali naye. Mawu oti "yekhayo" amaoneka oona pokhapokha munthu atasankha kusawerenga anthu zikwizikwi a mitundu ya Lakota ndi Cheyenne, eni nthaka a ku America, amene anapambana tsiku limenelo, n'kupasula mahema awo madzulo a tsiku lotsatira, n'kumapita ali moyo. Dziko linawerenga kavalo, anthu linawadumpha.

Mwini kavaloyo anali Kaputeni Myles Walter Keogh, mwana wa ku Ireland, amene anafa ali ndi zaka 36 atamenya nkhondo zitatu m'maiko a eni. Mbiri yake imakopa, ndipo amene amaikonda sakulakwa kuikonda. Anali wooneka bwino, wodziwa kukwera kavalo, wosathawa pamene zipolopolo zikulira, wokhulupirika kwa akuluakulu ake mpaka pabedi la imfa yawo. Koma ine ndikukana chizolowezi chotenga nkhondo zake zitatuzo n'kuzimanga mtolo umodzi, n'kulembapo kuti "ngwazi". Nkhondo iliyonse inali ndi chifukwa chake, ndipo yachitatuyo inali yolanda dziko la eni. Keogh, pakati pa anthu onse amene anakwera akavalo tsiku limenelo, anali mmodzi mwa oyenera kuzindikira msanga zimene zinkachitika, chifukwa kwawo zinali zitachitikapo kale.

Anabadwa pa 25 Marichi 1840 ku Leighlinbridge m'boma la Carlow, m'banja lalikulu la Akatolika, alimi opezako bwino. Ali ndi zaka zisanu, chiwawu chinagwira mbatata ya kachewere, imene inali chakudya chenicheni cha amphawi a ku Ireland. Kuyambira 1845 mpaka 1852 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa ndi njala ndi matenda, enanso ochuluka chimodzimodzi anakwera zombo kuthawira kunja. M'zaka zomwezo eni malo ankatulutsa m'nyumba mabanja olephera kulipira lendi, n'kugwetsa madenga kuti asabwererenso, pamene tirigu ndi ng'ombe zinkapitirira kutuluka pamadoko kupita ku England. Banja la Keogh silinagone ndi njala, koma mwana wokulira m'dziko lotere sangakule osamva kulira kwa anansi. Nkhani ya malo inali yakale kuposa njalayo. Kuchokera nthawi ya Oliver Cromwell, wolamulira wa ku England, m'zaka za m'ma 1650, malo a Akatolika ankalandidwa n'kupatsidwa kwa obwera, kotero kuti pofika 1703 anthu amene anali ochuluka m'dzikomo anatsala ndi pafupifupi 14 peresenti ya nthaka yawo. M'tauni ya Carlow momwemo, mu Meyi 1798, anthu mazanamazana oukira ulamuliro wa Britain anaphedwa m'misewu tsiku limodzi n'kukwiriridwa m'dzenje limodzi. Izi sizinali nkhani za m'mabuku kwa mnyamata wa ku Leighlinbridge. Zinali nkhani za agogo a m'mudzi.

Nkhondo yake yoyamba sitichedwapo. Mu 1860 ansembe a ku Ireland anamema anyamata kuti akateteze Papa Pius IX, amene madera ake a pakati pa Italy ankalandidwa ndi asilikali a ufumu wa Piedmont ofuna kugwirizanitsa dziko lonse la Italy. Anyamata oposa 1,000 anapita, Keogh ali momwemo, ali ndi zaka 20. Anamenya nawo poteteza doko la Ancona, limene linagwa kumapeto kwa Sepitembala, ndipo anakhala mkaidi kanthawi kochepa ku Genoa. Atamasulidwa anapita ku Rome kukakhala m'gulu lolondera Papa, n'kulandira mamendulo awiri. Kwa iye ndi anzake inali nkhondo ya chikhulupiriro. Kwa anthu ambiri a m'madera amenewo inali nkhondo yofuna kuwasunga pansi pa boma limene anali atatopa nalo. Mnyamata wa zaka 20 womvera wansembe wake ndingamumvetse.

Yachiwiri, nkhondo yapachiweniweni ya ku America pakati pa boma ndi zigawo za kumwera zosunga akapolo, ndi imene inamupanga kukhala munthu wodziwika, ndipo pamenepa ndimamuvulira chipewa. Boma la Abraham Lincoln linkasowa maofesala odziwa kununkha kwa wonga, choncho linatumiza anthu ku Ulaya kukawafuna. Keogh anafika ku America mu Epulo 1862 ndi anzake awiri a ku Rome, Daniel Keily ndi Joseph O'Keeffe. Anayamba kugwira ntchito pansi pa Jenerale James Shields, nayenso wobadwira ku Ireland, kenako anakathera kwa John Buford, mtsogoleri wa asilikali apakavalo amene anthu ake ankamukhulupirira kwambiri. Ntchito ya Keogh inali yonyamula malamulo a jenerale kupita nawo kwa magulu omenya nkhondo. Kunalibe wailesi nthawi imeneyo. Lamulo linkayenda pamsana pa kavalo, kudutsa poyera pamene aliyense wa mbali inayo ankatha kukuloza ndi mfuti, ndipo likachedwa kapena likafika lopotoka, anthu mazana ankafa. Anali pa Brandy Station pa 9 Juni 1863, nkhondo ya apakavalo yaikulu kuposa ina iliyonse imene inachitikapo m'dzikolo.

Patangotha milungu itatu anali pa Gettysburg. Anthu ambiri akamva za asilikali apakavalo amaganiza za chigulu chothamanga, malupanga ali m'mwamba. Zimene Buford anachita m'mawa wa pa 1 Julayi 1863 zinali zina. Anaona kuti mapiri a kumwera kwa tauniyo ndiwo adzagamule nkhondo, ndipo kuti asilikali a Robert E. Lee, jenerale wa mbali ya kumwera, akangowatenga, zinthu zavuta. Anatsitsa anthu ake pa akavalo. Pa anayi alionse, mmodzi ankatsalira kumbuyo atagwira zingwe za akavalo onse anayi, atatu enawo n'kubisala kuseri kwa mipanda ndi mitengo, kumaombera ndi mfuti zawo zazifupi zolongera kumbuyo, zimene munthu ankatha kulonga ali chigonere. Anali ochepa poyerekeza ndi oyenda pansi amene ankabwera mumsewu wochokera ku Chambersburg, koma anawachedwetsa mpaka gulu la Jenerale John Reynolds, wa mbali ya Lincoln, linafika. Maola amenewo ndiwo anapatsa asilikali a Lincoln mapiri aja. Keogh anali pakati pa zonsezi, ndipo pambuyo pake anamupatsa ulemu wa udindo wa meja chifukwa cha ntchito ya masiku amenewo. Buford atadwala n'kumwalira ku Washington mu Disembala chaka chomwecho, Keogh anali pambali pake. Chaka chotsatira, ali ndi Jenerale George Stoneman pa ulendo wofuna kukamasula akaidi a nkhondo ku Georgia, anagwidwa pafupi ndi Macon n'kukhala m'ndende miyezi iwiri ndi kanthu.

Nkhondo imeneyo inathetsa ukapolo wa anthu akuda pafupifupi 4 miliyoni. Aliyense amene anaika moyo wake pachiswe kumbali imene inapambanayo ali ndi gawo m'ufulu umenewo, ndipo palibe amene angamulande Keogh gawo lake. Komabe tiyang'ane madeti. Iye anafika mu Epulo 1862. Lincoln analengeza za kumasula akapolo mu Sepitembala chaka chimenecho, ndipo chilengezocho chinayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1863. Pamene Keogh ankakwera chombo, nkhondoyo inali idakali yosunga umodzi wa dziko la America, dziko limene iye anali asanapondemo. Chimene chinamukoka chinali ntchito, udindo ndi mwayi wokwera. Cholinga chabwinocho chinamupeza ali kale pachishalo. Izi sizimuchotsera ulemu, koma zimatiuza mtundu wa munthu amene tikukamba: katswiri wa nkhondo amene funso loti "tikumenyeranji" ankalisiyira ena. Munthu wotere akakhala kumbali ya chilungamo amakhalako mwa mwayi, ndipo mwayi womwewo ukhoza kumuika kumbali inayo iye osasintha kanthu pa khalidwe lake. Kulimba mtima kuli ngati nkhwangwa yonoledwa bwino. Imagwetsa mtengo wa nkhuni, imagwetsanso mtengo wa mango wa mnzako, kuthwa kwake kuli kumodzimodzi.

Nkhondo itatha mu 1865, asilikali ongodzipereka anabwerera kwawo miyandamiyanda. Keogh anafuna kutsala, ndipo mu Julayi 1866 anakhala kaputeni wa kampani I m'gulu latsopano la 7th Cavalry, limene Custer ankalitsogolera kuthengo. Anamutumiza ku Fort Wallace, kumadzulo kwenikweni kwa Kansas, kukateteza msewu wa ngolo ndi njanji zimene zinkadula pakati malo osakako njati a anthu a Cheyenne. Pano ndiyenera kumuchitira chilungamo. Sanali pa mtsinje wa Washita mu Novembala 1868 pamene Custer anagwera mudzi wa Black Kettle, mfumu ya a Cheyenne, m'bandakucha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870 gulu lake linatumizidwa kumwera kukathandiza kuthyola mphamvu za Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza anthu akuda, imene inali ntchito yabwino. Kupha a Lakota ku Wounded Knee, kumene gulu lomwelo la 7th Cavalry linachita mu Disembala 1890, kunachitika iye atagona m'manda zaka 14. Sindikumuimba mlandu wa nkhanza za manja ake. Mlandu wanga uli pa ulendo umene anavomera kuyenda mu 1876.

Chiyambi chake ndi pangano la ku Fort Laramie la 1868. M'panganolo boma la America linavomereza kuti dera lalikulu la kumadzulo kwa mtsinje wa Missouri, kuphatikizapo mapiri a Black Hills amene a Lakota amawaona kuti ndi opatulika, ndi lawo, ndipo kuti palibe gawo lingachotsedwe pokhapokha amuna atatu mwa anayi alionse a mtunduwo atasaina. Mu 1874 Custer analowa m'mapirimo ndi asilikali ndi anthu odziwa miyala, ndipo mbiri inawanda kuti muli golide. Okumba anakhamukirako. Mu 1875 boma linafuna kugula mapiriwo ndi madola 6 miliyoni, eni ake anakana. Pamenepo Pulezidenti Ulysses S. Grant ndi akuluakulu ake anagwirizana kuti asilikali asiye kuthamangitsa okumba golide, ndipo kunatuluka lamulo loti magulu onse oyendayenda kosaka akhale atafika kumalo a boma pofika 31 Januwale 1876, apo ayi adzatengedwa ngati adani. Linali lamulo loperekedwa pakati pa chisanu choopsa, kwa anthu okhala ndi ana ndi okalamba mitunda mazana kutali, ndipo olilembawo ankadziwa kuti silingatsatidwe. Ankafuna chifukwa chotumizira asilikali. Amene anakonza dongosolo la nkhondoyo anali Jenerale Philip Sheridan, mwana wa makolo ochokera ku Cavan, ku Ireland komweko.

Munthu wa ku Carlow akanayenera kumva fungo la zimenezi ali patali. Pangano lolembedwa ndi wamphamvu n'kuthyoledwa ndi wamphamvu yemweyo, lamulo lopangidwa dala kuti mwini malo asanduke wolakwa, chakudya chosandutsidwa chikwapu: zonsezi Ireland anazidziwa. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Mwambiwu timaunena pochenjeza amene sanavutikepo. Mbiri ya Keogh ikuonetsa mbali yake yowawa kwambiri, yoti ngakhale amene chinamuona dzulo amatha kukhala dzanja lochibweretsa pa mnzake lero. Kuponderezedwa sikubala chifundo pakokha. Asilikali ambiri a 7th Cavalry anali obadwira ku Ireland, ana a njala ija, ndipo anakwera akavalo kupita kukathamangitsa anthu m'dziko lawo.

Pa 25 Juni, tsiku Lamulungu, Custer anagawa gulu lake asanaone kukula kwa mudzi umene unali m'chigwa. Meja Marcus Reno anawoloka mtsinje ndi makampani atatu n'kuyamba kuombera chakumwera kwa mudziwo, kumene kunali mahema a a Hunkpapa, nthambi ya a Lakota yotsogozedwa ndi Sitting Bull. Zipolopolo zoyambazo sizinasankhe. Gall, mmodzi mwa atsogoleri a nkhondo a Hunkpapa, anapeza akazi ake awiri ndi ana ake atatu ataphedwa, ndipo patapita zaka khumi anafotokoza yekha kuti zitatero mtima wake unaipa. Nkhani za Keogh zambiri zimadumpha anthu asanu amenewa kuti zifulumire kukafika paphiri pamene iye anafera. Ine ndikuti tiime kaye pahemapo. Anthu amene asilikali anawapeza tsiku limenelo sanali gulu lankhondo lopita kukaukira mzinda wa wina. Unali mudzi, wokhala ndi amayi ofukula mizu m'mbali mwa mtsinje, anyamata oweta akavalo, ana osambira.

Custer anapita kumpoto ndi makampani asanu, ndipo Keogh ankatsogolera mbali imodzi ya gululo. Pamene ankhondo a Crazy Horse, mtsogoleri wina wa a Lakota, pamodzi ndi a Gall ndi a Cheyenne anawazinga, mzere wa Keogh unasweka kumbuyo kwa kaphiri kotalika kamene lero kali ndi miyala yoyera yosonyeza pamene aliyense anagwera. Oika maliro atafika anapeza mtembo wake pakati pa kagulu ka anthu ake, masajeni ake ali pafupi. Chipolopolo chinali chitaswa bondo lake, ndipo bala la pa Comanche linali pamalo ogwirizana ndi bondolo, kusonyeza kuti anaomberedwa ali pakavalo. Zikuoneka kuti atagwa, anthu ake sanamusiye, anamuzungulira mpaka onse anatha. Mtembo wake unavulidwa zovala koma sunaduliridwe ngati ya ena ambiri, ndipo anthu ambiri amakhulupirira kuti chinamuteteza ndi mendulo ya chipembedzo imene inali m'khosi mwake. Ndikawerenga zimenezi mtima umandiwawa. Anthu sazungulira kaputeni amene amadana naye. Chaka chotsatira mafupa ake anakaikidwa ku Fort Hill Cemetery ku Auburn, m'chigawo cha New York, pafupi ndi banja la a Martin limene linkamutenga ngati mwana wawo, monga momwe iye anapempha. Boma linatcha linga latsopano la ku Montana dzina lake, Fort Keogh.

Alipo amene anganene kuti msilikali samasankha nkhondo, amangomvera. Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo gulu lankhondo limene aliyense amachita zake ndi loopsa kwa anthu wamba kuposa lomvera. Koma kumvera kuli ndi malire, ndipo anthu a nthawi ya Keogh ankawadziwa malirewo. Mu Novembala 1864, pa Sand Creek ku Colorado, Kaputeni Silas Soule, wapakavalo ngati Keogh, wa udindo womwewo, anakana kulamula anthu ake kuombera mudzi wa a Cheyenne ndi Arapaho umene unali pamtendere. Anakachitira umboni wotsutsa mkulu wake John Chivington, ndipo patangopita miyezi yochepa anaomberedwa mumsewu ku Denver. Kale pang'ono, pankhondo ya America ndi Mexico ya 1846 mpaka 1848, asilikali ena a ku Ireland motsogozedwa ndi John Riley anathawa gulu la America n'kukamenyera Mexico, ndipo pafupifupi 50 a gulu lawo ananyongedwa. Munthu akhoza kutsutsana ndi zimene anachita, koma sanganene kuti kusankha kunalibe. Keogh sankafunikanso kufika pamenepo. Ofesala anali ndi ufulu wotula pansi udindo. Mu 1874 anapita kwawo patchuthi, atasiyiridwa malo a Clifden ku Kilkenny ndi wachibale wa kuchikazi, ndipo malowo anawapereka kwa mlongo wake n'kubwerera kuchishalo. Kupatsa kumeneko n'kokoma. Kukuonetsanso kuti khomo lotulukira linali lotsegula, ndipo iye analiona.

Ena amati tisaweruze anthu akale ndi maso a lero. Sindikubwereka maso a lero ayi. Pangano la 1868 linalembedwa ndi boma la nthawi yomweyo, ndipo atsogoleri a mipingo ngati Bishopu Henry Whipple wa ku Minnesota ankadzudzula poyera mmene boma linkachitira ndi eni nthaka Keogh adakali moyo. Muyezo umene ndikugwiritsa ntchito ndi umene iwo eni anasainira.

Mfundo yolemera kwambiri yotsutsana nane ndi ya mtundu wa Crow. Chigwa cha Little Bighorn, malinga ndi mapangano, chinali dziko la a Crow, ndipo a Lakota anali atawakankha m'menemo ndi nkhondo. N'chifukwa chake azondi a Crow ndi a Arikara anatsogolera Custer, ndipo kwa iwo a Lakota ndiwo anali olanda. Izi n'zoona, ndipo aliyense wofuna kujambula a Lakota ngati angelo akunamiza anthu. Koma asilikali a Sheridan sanatuluke m'malinga awo kuti akabwezere a Crow malo. Anatuluka chifukwa cha golide wa ku Black Hills. Umboni wake ndi zimene zinatsatira: m'zaka zotsatira dziko la a Crow enieniwo, abwenzi a boma, linadulidwa kangapo konse mpaka kutsala kachigawo chabe ka limene analonjezedwa. Kulakwa kwa a Lakota pa a Crow sikusandutsa kuthyola pangano kukhala chilungamo.

Ife a kuno nkhaniyi isatidabwitse kwambiri, chifukwa agogo athu anayendamo. Asilikali a ku Nyasaland a gulu limene linadzakhala Keyala anatumizidwa kukamenya Aashanti ku Gold Coast mu 1900, anakamenya ku Somaliland, anagwiritsidwa ntchito pothana ndi kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anakafika mpaka ku Malaya. Anthu olamulidwa ndi atsamunda ankatumidwa kukagonjetsa anzawo olamulidwa ndi atsamunda omwewo. Chilembwe anaona zimenezi, ndipo chakumapeto kwa 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kalata yonena kuti olemera ndi eni minda ndiwo azipita kunkhondo zawo, m'malo motenga amphawi amene akafa amasiya amasiye opanda kanthu. Mayina a pachipilala cha ku Zomba ndimawalemekeza, ndipo sindingaloze chala mnyamata amene analowa usilikali atapanikizidwa ndi msonkho wa nyumba ndi thangata. Momwemonso sindingaweruze mofanana Keogh ndi mnyamata wa ku Ireland amene anatsika chombo ku New York alibe nsapato, n'kulembetsa usilikali chifukwa cha madola 13 pamwezi ndi chakudya. Mlandu wa munthu umakula molingana ndi kukula kwa mpata umene anali nawo wokana. Keogh anali wophunzira, wa udindo, wokhala ndi malo kwawo ndi abwenzi olemera ku New York. Mpata wake unali waukulu kuposa wa pafupifupi aliyense amene anafera naye paphiri lija.

Choncho sindikupempha kuti dzina lake lifafanizidwe ku Leighlinbridge kapena kuti mwala wake uzulidwe ku Montana. Ndikupempha kuti amene akusimba za iye asimbe nkhondo iliyonse ndi dzina lake lenileni. Pa Gettysburg anathandiza kugwetsa ukapolo. Pa Little Bighorn anali m'gulu lopita kukagwera mudzi kuti boma lipeze mapiri amene linalumbira kuti silidzawakhudza. Ku America komweko zinthu zayamba kusuntha: mu 1991 malo a nkhondoyo anasiya kutchedwa ndi dzina la Custer, mu 2003 anatsegula chikumbutso cha eni nthaka amene anamenya nawo, ndipo tsopano pakati pa miyala yoyera ya asilikali pali miyala yofiira yosonyeza pamene ankhondo a Lakota ndi Cheyenne anagwera. Zinatenga zaka zoposa 100 kuti akufa a mbali inayo awerengedwe.

Kupambana kwa tsiku limodzi kuja sikunawapulumutse a Lakota. Mu Ogasiti 1876 nyumba ya malamulo ya America inagamula kuti chakudya chimene boma linkapereka kumalo awo chiimitsidwe mpaka atapereka Black Hills. Njati zinali zikutha, ana anali ndi njala, ndipo anthu ochepa, pafupifupi mmodzi mwa amuna khumi alionse, anasaina, pamene pangano linkafuna atatu mwa anayi. Mu Febuluwale 1877 boma linakhazikitsa lamulo lotenga mapiriwo. Crazy Horse anaphedwa mu Sepitembala chaka chomwecho ali m'manja mwa asilikali ku Fort Robinson. Mlandu wa mapiriwo unayenda m'makhoti kwa zaka zambiri, mpaka mu 1980 khoti lalikulu kwambiri la America linavomereza kuti analandidwa mosayenera, n'kulamula chipukuta misozi choposa madola 100 miliyoni. A Lakota anakana kulandira. Ndalamazo zakhala zikuswana m'thumba la boma mpaka zadutsa biliyoni imodzi, pamene a Lakota okhala ku Pine Ridge ali m'gulu la osaukitsitsa m'dziko lonselo, ndipo akukanabe. Alipo amene amati kumeneko n'kuuma mutu, kuti ndalamazo zikanamanga zipatala ndi masukulu. Ine ndili kumbali ya okanawo. Tsiku limene adzalandire cheke chimenecho, zimene zinachitika mu 1877 zidzalembedwa kuti anali malonda, mlandu udzatsekedwa, ndipo adzukulu awo sadzakhalanso ndi poyambira pofunsa mapiri awo.